Ntchito ya loya wodziwa bwino malamulo: zimene wailesi sinaulutse

Owonera athu, Amalawi ambiri anayamba kumvetsa ntchito ya maloya mu 2019, pamene mawailesi ankaulutsa mlandu wa chisankho cha pulezidenti. Mwa maloya amene mayina awo anamveka kwambiri munali a Modecai Msisha, omwe ankatsogolera gulu loyimira Dr. Lazarus Chakwera. Kwa miyezi ingapo mboni zinapanikizidwa ndi mafunso pa mapepala a zotsatira amene anafufutidwa ndi Tippex, mpaka pa 3 February 2020 majaji asanu, motsogozedwa ndi a Healey Potani, analamula kuti chisankhocho chichitikenso. A Chakwera atapambana anasankha a Msisha kukhala nduna ya zachilungamo, koma iwo anakana udindowo.

Kodi munthu amafika bwanji pamenepo? Kwa zaka zambiri maloya a m'dziko muno ankaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, ndipo ngakhale lero digiri payokha siyokwanira. Munthu amayenera kuvomerezedwa ndi mkulu wa majaji, kukhala membala wa bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndi kukonzetsa laisensi yake chaka chilichonse. Zilembo za SC zimene mumaziona kumapeto kwa dzina la loya zimayimira Senior Counsel, ulemu umene pulezidenti amapereka kwa maloya amene atumikira nthawi yaitali mwaluso.

Komatu milandu ya chisankho ndi yapatalipatali. Chimene chimadzaza tebulo la loya wotere ndi nkhani za malo, ngongole za kubanki, mapangano a makampani, chipepeso cha ovulala pangozi, ndi madandaulo a ochotsedwa ntchito amene amapita ku Industrial Relations Court. Nkhani za chuma cha masiye ndizo zimaonetsa bwino kusiyana kwa loya wakale ndi wongoyamba kumene. Mayi wamasiye akalowa muofesi atanyamula envelopu yokhala ndi chikalata cha imfa ndi mapepala a nyumba, loya wodziwa ntchito sathamangira kukhoti. Amayamba wafunsa ngati malemuwo anasiya wilo, ngati nyumbayo ili pa malo a mfumu kapena a lizi, ndiponso ngati pali ana ena kunja kwa banjalo, chifukwa lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wawo ndi mlandu.

Pamenepa m'pamene zaka zimaoneka phindu lake. Loya wachinyamata akhoza kulidziwa lamulo mofanana ndi wamkuluyo, koma amene wakhalitsa amazindikira msanga mlandu woyenera kuuthetsa pokambirana, ndipo saopa kuuza kasitomala kuti ndalama zolipira mlanduwo zidzaposa chimene akulimbiranacho. Choncho mukamafuna loya, mufunseni mtundu wa milandu imene amaigwira kawirikawiri, ndipo mugwirizane za malipiro polemba musanamusiyire mapepala anu. Ngati ndalama palibe, ofesi ya Legal Aid Bureau inakhazikitsidwa kuti ithandize anthu otere.