Voisi kwa mng'ono wanga amene atsogolere kalasi ya yoga Loweruka

Halo mng'ono wanga, waswera bwanji? Pepa ndakutumizira voisi m'malo molemba, zoti ndikuuze zachuluka nde zala zingatope. Upeze pamalo pa phee umvere bwinobwino, olo kawiri, chifukwa Loweruka lino kalasi yonse ili m'manja mwako, ine ndikhala kumudzi ku chinkhoswe ndipo netiweki ya kumeneko ukuidziwa, usadalire zoti undiimbira.

Ufike msanga anthu asanayambe kubwera. Usese, utsegule mawindo pang'ono, uyale mikeka. Simenti ya muholo muja mwezi wa June uno imazizira koopsa, nde amene alibe mat apinde chitenje kapena bulangete pamwamba pa mkeka, bola pasamaterere. Mipando usaichotse yonse, ingapo uisiye yotsamira khoma kuti isathawe munthu akaigwira, uifuna imeneyo. Komanso uyembekezere nkhope zachilendo, paja 21 June ndi tsiku la yoga padziko lonse, a United Nations anavomereza mu December 2014 n'kuyamba kulikumbukira mu 2015, nde nyengo ino anthu amaona zithunzi pa Facebook n'kumati tiyeni nafe tikaone.

Pakhomo pomwepo uwafunse mmodzimmodzi, motsitsa mawu, osati pagulu ayi. Amayi, pali pamene pakuwawa lero? Bambo, BP ili bwanji, mankhwala mwamwa? Ufunse za mawondo, msana, opaleshoni yaposachedwa, azimayi uwafunse mwaulemu ngati ali oyembekezera. Wa BP yokwera asamakhalitse mutu uli kunsi, woyembekezera asagone chafufumimba ndipo asapotokole mimba. Amene wangodya nsima kumene akhale kaye pampando aziona anzake, pamafunika papite maola awiri kapena atatu, apo ayi muona zina.

Kuyamba kwake. Onse akhale pansi, miyendo yopinda, amene mawondo akukwera m'mwamba umuikire bulangete lopinda kunsi kwa matako kuti chiuno chikwere, agogo pampando, mapazi onse pansi. Pakamwa potseka, mpweya uzidzera m'mphuno. Uwawerengere pang'onopang'ono, kukoka wani thu fili folo, kutulutsa chimodzimodzi, pakapita mphindi ziwiri utalikitse kotulutsako kufika sikisi. Asagwire mpweya, zimenezo si za oyamba kumene. Ndipo iweyo usathamange powerenga, ndikudziwa mtima ukhala ukugunda, munthu ukachita mantha umalankhula fasti ngati wolengeza za maliro pa wailesi, nde uzipuma nawo limodzi, liwiro lako lidzatsika lokha.

Kenako agwade, zikhatho pansi molunjika ndi mapewa, mawondo molunjika ndi chiuno, ija ya mphaka ndi ng'ombe. Pokoka mpweya mimba igwe, chifuwa chitseguke, potulutsa msana ukwere, chibwano chiyandikire chifuwa. Kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Akatero aimirire, tadasana. Apa anthu amaona ngati palibe chimene akuchita, eti kungoima basi, koma uwachedwetse pamenepo. Zala za kumapazi zitambasuke, kulemera kugawanike bwino pakati pa chidendene ndi kutsogolo kwa phazi, mawondo osawakankhira kumbuyo, mapewa atsike achoke kumakutu. Ukayang'ana bwino uona wina amaimira mwendo umodzi moyo wake wonse osadziwa, makamaka amayi amene akhala akunyamula mwana mbali imodzi.

Surya namaskar, mndandanda wa mapozi wolonjera dzuwa uja, ili ndi masitepe 12, ukuidziwa, koma katatu kokha ndipo mwapang'onopang'ono. Powerama apinde mawondo, palibe mphoto ya wogwira zala za kumapazi. Pa bhujangasana, ya njoka ija yogona chafufumimba n'kudzutsa chifuwa, zigongono zikhale pafupi ndi nthiti ndipo chifuwa chikwere pang'ono chabe, azibambo amakonda kukankha ndi mphamvu za manja mpaka msana wa m'munsi kupanikizika, uwabweze. Ya galu wodziwongola, ija ya manja ndi mapazi pansi chiuno m'mwamba, amene zikuvuta agwire mpando m'malo moika manja pansi, ndi yomweyo. Ya mtengo, yoimira mwendo umodzi ija, phazi linalo likhale pa katumba kapena pa ntchafu, pa bondo penipeni ayi, ndipo dzanja limodzi pakhoma si tchimo.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna umvetsetse, zinazo ukhoza kuiwala. Iweyo thupi lako ndi lofewa, umatha kuima chadodolido, umapinda msana mpaka ife kumangoti eee. Loweruka zonsezo uzisiye kunyumba. Uonetse kamodzi, mwachidule, njira yophweka, kenako uchoke pa mat yako uyambe kuyendayenda pakati pa anthu. Maso ako asakhale pa thupi lako, akhale pa iwowo. Uyang'ane nsagwada, wina waluma mano? Uyang'ane pamphumi ngati pali makwinya, zala za kumapazi ngati zakwinyika, ndipo koposa zonse umvetsere mmene akupumira. Munthu akayamba wefuwefu kapena wangoti zii wasiya kupuma, wapitirira muyeso wake, olo pozi yake ikuoneka yokongola bwanji. Usamutchule dzina, ungonena kwa onse kuti amene mpweya ukuvuta abwerere m'mbuyo pang'ono, mwiniwake amva. Kapena apite pa balasana, ya mwana ija, kugwada n'kukhalira zidendene mphumi pansi, ndipo unene koyambirira kuti imeneyo ndi yololedwa nthawi iliyonse popanda kupempha.

Patanjali, amene anasonkhanitsa ziphunzitso za yoga kalekale ku India, analemba tiziganizo tafupitafupi tosakwana 200, koma tonena za mapozi ndi titatu tokha, ndipo mfundo yake ndi yoti munthu akhale wokhazikika komanso womasuka. Basi. Zinazo ndi za khalidwe, kusavulaza, kunena zoona, kudziletsa, kupuma, kusonkhanitsa maganizo. Nde ukaona mayi wazaka 60 akunjenjemera chifukwa akufuna afanane ndi mtsikana wa pambali pake, kusavulaza kuja kumayambira pomwepo, pa bondo la mayiyo.

Umudziwa B.K.S. Iyengar, mphunzitsi wa yoga wa ku India uja, amene tinatengako zogwiritsa ntchito malamba, njerwa zamatabwa ndi mipando. Anabadwa mu 1918 ndipo ali mwana anali wodwaladwala, malungo, TB, taifodi, zonse zinamupeza. Mlamu wake Krishnamacharya, amene anali mphunzitsi wa yoga, ndi amene anamuitanira ku Mysore kuti akaphunzire, kenako mu 1937 anamutumiza ku Pune kukaphunzitsa akadali mnyamata. Kumeneko kunkabwera anthu a matupi ouma, okalamba, odwala, amene sakanatha kuchita zimene iye ankachita, nde m'malo mowabweza anayamba kuganiza kuti uyu ndimuthandiza bwanji afike pamene thupi lake lingafike. Zipangizo zija zinachokera pamenepo. Anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Ine ndimaona kuti anamukulitsa ndi ophunzira ovutawo, osati ofewa aja. Nawenso uona, munthu mmodzi wa msana wouma akuphunzitsa zambiri kuposa mavidiyo onse a pa YouTube amene umaonera, chifukwa akukakamiza kupeza mawu ena, njira ina, ndipo udekha ufune usafune.

Kugwira munthu, upemphe kaye. Ndikugwireni paphewa? Akati ayi, kapena akangoseka mwamanyazi, usiye, ugwiritse ntchito pakamwa. Azibambo akuluakulu ndi apongozi a eni, ungowalozera patali. Ndipo osakankha munthu kuti alowe mu pozi, olo pang'ono. Uwaphunzitse kusiyanitsa kukokeka kwa mnofu, komwe kumamveka ngati kutentha pang'ono ndipo ukapuma kumachepa, ndi ululu wobaya wa pa bondo, m'khosi kapena pamsana. Wobayawo ndi woti asiye pompo.

Funso lija libwera, sililephera. Wina adzati asisi, kodi zimenezi si zopembedza mafano, abusa athu anatiletsa. Usapse mtima ndipo usaname. Uwauze zoona kuti yoga inachokera ku India ndipo mizu yake ili m'zipembedzo za kumeneko, makamaka Chihindu, surya namaskar imene ndi kulonjera dzuwa. Kenako uwauze zimene timachita ifeyo muholo muja, kuwongola thupi, kupuma, kukhala chete, sitiimba nyimbo za mapemphero, ndipo pa nthawi ya chete aliyense ali ndi ufulu kupemphera mwa mpingo wake kapena mwa Chisilamu chake. Wina akati ayi mtima wanga sukundilola, umuthokoze apite bwino, usamunyengerere. Mkangano wa Baibulo usauyambe, sutha.

Chinanso, iwe si dokotala. Wina akanena kuti chiyambireni yoga shuga watsika nde ndisiye mankhwala, umuuze ayi, zimenezo akakambe kuchipatala. Wina akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa kapena dzanzi lotsika mwendo, akhale pansi ndipo akaonane ndi adokotala asanabwerenso.

Kumapeto savasana, usaidule olo nthawi itathina, bola uchotse pozi ina. Agone chagada, manja m'mbali zikhatho kumwamba, wa msana umuikire bulangete lokulunga kunsi kwa mawondo, woyembekezera agonere kumanzere, afunde zitenje chifukwa thupi limazizira msanga. Mphindi zisanu mpaka khumi. Apa ndi pamene aphunzitsi atsopano amavutika, chete uja amawaopsa nde amayamba kulongolola, masulani ichi masulani icho mpaka anthu kutopa. Unene mawu ochepa kenako utseke pakamwa, ukhale pansi uziwayang'anira. Wina aliza mkonono, nthawi zonse amakhalapo mmodzi kkkk, umusiye, mwina usiku sanagone. Podzuka atembenukire kaye chammbali, adikire pang'ono, kenako adzikankhe ndi manja.

Za satifiketi ya uphunzitsi wa yoga unandifunsa zija, eya kosi imene ambiri amayambira ndi ya maola 200, ndipo ku Nairobi kuli Africa Yoga Project, inayamba mu 2007, imaphunzitsa achinyamata kukhala aphunzitsi m'madera mwawo. Tidzakambirana ndikabwera. Koma pakadali pano usasiye kuchita yako m'mawa uli wekha, olo mphindi 20, ndipo uyambe kuchitako dala mapozi amene umadana nawo, aja umawadumpha, kuti uzidziwa mmene anthu ako amamvera ukawauza kuti khalani pomwepo mupume kasanu.

Kiyi ali kwa alonda, ndawauza kale. Ndalama za holo ulembe m'kope lija, amene alibe usamubweze, ungolemba dzina. Ukamaliza unditumizire voisi, osati yoti zayenda bho basi ayi, undiuze amene anavutika ndi ndani, pozi iti, ndipo iwe unatani. Ikafika ikafika, ndikakwera pachulu paja ndiimvera. Upereke moni kwa amayi.