Mmisiri akadya dipoziti n'kusowa

Zikomo amfumu pondipatsa mpata, zikomo azimayi ndi azibambo nonse. Amene muli kumbuyo uko, mawu akapanda kufika mundiuze ndikweze.

Ndiyambe ndi funso. Ndani pano anapatsapo mmisiri ndalama, kaya bilidala, kalipentala, telala kapena wowotcherera, munthuyo n'kusowa ntchito isanathe? Eee, taonani manjawo. Ena mukuchita manyazi, koma ndakuonani. Langanso lili m'mwamba.

Ine zinandigwera mu Okutobala 2023. Nyumba inali itafika pokhoma denga. Kalipentala anabwera ndi tepi, n'kuyeza, n'kulemba pa chipepala cha thumba la simenti kuti malata akhale angati, mapulanga angati, misomali makilo angati. Kenako akuti, "Bwana, ingoperekani zonse pamodzi, ndili ndi munthu wanga ku hadiweya, amanditsitsira." Ndinapereka pamanja, tili awiriwiri pansi pa mtengo wa mango. Mapulanga anabweradi, anakhomako pang'ono. Tsiku lachitatu akuti kwawo kwagwa zovuta. Sabata yotsatira foni ikungoitana. Kenako zii. Ndiye mukukumbuka zimene zinachitika mu Novembala chaka chimenecho: ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo m'mashopu n'kulumpha. Mvula yoyamba inapeza mapulanga anga ali pamtetete, ndipo ndinkawaona akupindika tsiku ndi tsiku, ine ndili m'nyumba ya lendi.

Chimene ndinadzazindikira pambuyo pake n'chakuti amisiri ambiri osowawa sabwera ndi mtima wakuba. Amakhala ndi ntchito ina imene anadyako kale ndalama, ndiye zanu akamalizira ya ujeni, akudalira kuti za munthu wachitatu zidzamalizira yanu. Wachitatuyo akapanda kubwera, kapena mitengo ikakwera, wakanirira ndinu. Sindikuwaikira kumbuyo ayi. Ndikunena izi chifukwa munthu wopanikizika ndi munthu wakuba mumawatsata mosiyana.

Tsono mwazindikira kuti munthu uja sabweranso. Mtima umakuuzani kuti mupeze mmisiri wina mawa lomwe. Dekhani kaye. Musanasunthe njerwa ngakhale imodzi, werengani. Itanani mmisiri wina wodalirika ndi mboni imodzi, ayeze zimene zagwiridwa, awerenge matumba a simenti otsala, malata, mchenga, zonse. Jambulani ndi foni mbali zonse. Chifukwa tsiku limene mudzakumane pabwalo, mnzanuyo sadzanena kuti anathawa. Adzati, "Ndinagwira ntchito, ndalama zinathera pomwepo." Ngati munapereka K500,000 ndipo ntchito yogwiridwa pamodzi ndi katundu amene wafika zikukwana K200,000, mlandu wanu ndi wa K300,000. Mukakakamira zonse K500,000, ngakhale amfumu pano akuonani ngati wadyera ndinu.

Nanga umboni woti munapereka ndalama? Amene munatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba muli ndi mwayi, uthenga uja musafufute, uli ndi tsiku, nambala ndi kuchuluka kwa ndalama. Za pa WhatsApp nazonso sungani, ngakhale mavoisi. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti ndi mauthenga a pafoni limalola kuti zoterezi zikhale umboni. Amene munapereka pamanja ngati ine, pali kanjira. Mulembereni modekha, osatukwana: "Achimwene, K300,000 yotsala ija mubweza liti?" Akangoyankha kuti "kumapeto kwa mwezi, bwana," basi, wavomera yekha. Ine anandiyankha chonchi usiku, patatha masiku anayi, ndipo ndi kauthenga kameneko kamene kanandipulumutsa.

Kenako kalata. Yaifupi, ya tsiku, yonena zimene munagwirizana, zimene munapereka, zimene zatsala, ndi kuti mukumupatsa masiku 14 amalize ntchito kapena abweze ndalama. Lembani ziwiri, ina musunge. Kaperekeni muli ndi munthu. Akakhala kuti sakuoneka, mmisiri sasowa kwenikweni: ali ndi mkazi, ali ndi mpingo, ali ndi anyamata amene amamupondera matope, ali ndi hadiweya imene amagulako. Wangayo ndinamupeza pa denga la munthu wina, mtunda wosakwana ola limodzi pa njinga, akuimba mluzu.

Pamenepo ndi pamene ambiri timalakwitsa. Magazi amawira. Ena amalanda zida, ena amatuma anyamata, ena amaika chithunzi chake pa Facebook n'kulemba kuti mbava. Abale anga, mukamumenya, amene agone m'chitokosi ndinu. Mukamunyoza pagulu, akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, mlandu wa denga n'kusanduka wina. Ndipo mukamulanda sowo ndi hamala, ndalama zobweza azitenga kuti?

Mayi apo akufunsa kuti nanga wilibala ndi fosholo zimene anasiya yekha pakhomo? Funso labwino, mayi. Zisungeni bwino, muzilembe, muwauze amfumu kuti zili kwa inu. Koma musagulitse. Si zanu.

Poyambira ndi pano pomwe, pabwalo la amfumu, kapena kwa mkulu wa dera kwa amene muli m'tauni. Akulu a mpingo nawonso amathandiza, chifukwa munthu amene sayankha foni yanu amayankha ya abusa. Mukagwirizana, zisathere pakamwa ndi kugwirana chanza. Zilembedwe: abweza zingati, tsiku liti, kangati. Asayine, inu musayine, mboni zisayine, amfumu adinde.

Za kupolisi ndinenepo mosamala, chifukwa ambiri mumabwerako mutakhumudwa atakuuzani kuti "iyi ndi ya sivo, pitani kukhoti." Sikuti akukuthamangitsani, akutanthauza kuti ndi mkangano wa pakati pa inu awiri, osati mlandu wa upandu. Malamulo a milandu, pa gawo 319, amalanga munthu wotenga chinthu mwachinyengo. Ngati anakuonetsani lisiti yabodza kuti malata wagula kale, kapena anadzitcha kampani imene kulibe, kapena si mmisiri n'komwe, chimenecho ndi chinyengo, thamangani kupolisi. Koma ngati anayamba ntchito n'kulephera kukwaniritsa lonjezo, kawirikawiri imeneyo imaonedwa ngati kuphwanya mgwirizano, ndipo malo ake ndi kukhoti. Komanso dziwani kuti munthu kugona m'selo sikukhoma denga lanu.

Khoti la majisitireti musaliope. Mumapita kwa kalaliki ndi mapepala anu, mumalipira kandalama kotsegulira mlandu, chisamani chimatuluka, ndipo mukhoza kudziyankhulira nokha popanda loya. Amene mukufuna uphungu koma mulibe ndalama, kuli a Legal Aid Bureau, ndi ofesi ya boma yothandiza anthu otere. Ngati amene wakudyeraniyo ndi bizinesi yokhazikika, ya shopu kapena kampani, mukhozanso kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, amene amaona madandaulo a ogula. Makolo amati mlandu suola, ndipo pabwalo pano n'zoona. Koma kukhoti umaola: mlandu wa mgwirizano ukapitirira zaka 6 osausumira, mnzanuyo akhoza kungoti nthawi inatha. Ndipo isanafike n'komwe nthawi imeneyo, mboni zimasamuka, mafoni amabedwa, ndalama ija imakhala itasanduka ya matemba.

Ndisakunamizeni: kupambana mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri. Khoti likhoza kutumiza a sherifu kukalanda katundu, koma ngati munthuyo ali ndi mphasa ndi wailesi basi, alanda chiyani? N'chifukwa chake nthawi zina n'kwanzeru kuvomera kuti abweze ndi thukuta. Ife tinatero. Anakhoma denga lonse osalandira kanthu, malata ndinagulanso ndekha, ndipo ndalama za malata oyamba aja anati abweza katatu. Anabweza kawiri. Kachitatuko ndikudikirabe, ndipo zimene anabwezazo zinagula malata ochepa kuposa amene zikanagula mu Okutobala muja.

Masiku ano ndimachita chonchi. Katundu ndimagula ndekha, mmisiri ndimapita naye kuti asankhe, koma ndalama zili m'thumba mwanga ndipo lisiti ndi yanga. Za ntchito ndimalipira m'magawo, gawo lililonse likatha: maziko, kufika pa mawindo, kufika pokhoma denga, kenako denga. Gawo lomaliza ndimagwira mpaka nditaona kuti sipakudontha. Akapempha kadipoziti ka thiransipoti ndi ufa wosiya kunyumba, ndimapereka, chifukwa nayenso ali ndi ana, ndipo tivomereze, alipo ena mwa ife pano amene amisiri akuwafunabe ndalama za nyumba imene akugonamo. Koma kakhale kochepa, koti kakapita simudwala nako. Ndipo ndisanamulembe, ndimapita kukaona nyumba imene anamangapo n'kucheza ndi mwini wake iye kulibe.

Bambo uko akuti nanga mmisiriyo akakhala mlamu wako? Hoo, bambo, mwakhudza pachilonda. Wa pachibale ndiye woyenera kulemberana naye kuposa wina aliyense, chifukwa simudzatha kumutengera kukhoti osasokoneza banja lonse. Muuzeni kuti pepalali ndi la kukumbutsana basi, poti tonse timaiwala. Akakwiya ndi pepala, mwina ndi bwino akwiye lero ndalama zisanatuluke.

Ndabweretsa kope la mgwirizano umene ndinalemba ndi bilidala wanga wa panopa, ndi tsamba limodzi lokha, lolemba pamanja. Ndalisiya kwa alembi, amene akufuna akopere tikamaliza. Amfumu, ndabweza mpando.