Za Sewero la Matchona Lija: Lembani za Kale, Koma Wamoyo Musamuvule

Zikomo amfumu pondipatsa mpata. Amayi, abambo, ndi inu ana anga a gulu la zisudzo, senderani kuno mumve.

Nonse mukudziwa zimene zinachitika Loweruka. Anawa anachita sewero la mwamuna wopita ku Joni, mkazi wake n'kubereka mwana iye ali kumigodi. Linali logwira mtima, ine misozi inalengeza. Koma lisanathe gogo wina ananyamuka akulira, ndipo mpaka lero mabanja awiri sakupatsana moni pamjigo. Dzina la mayi wa m'seweromo, mfunda wake, ngakhale mtengo wa mango wa pakhomo pake, zonse munatenga za munthu amene tikudya naye limodzi. Ana anga, lembani za kale, koma munthu wamoyo musamuvule pagulu.

Nthawi imeneyo inali yowawa. Amuna ankalembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito, kupita kumigodi ya golide ku South Africa, ena ankalowera ku Salisbury, kumene lero timati Harare. Ena ankabwerako ndi sutikesi, bulangete ndi njinga, ena anachona. Mu April 1974 ndege yobweretsa anthu athu inagwa ku Francistown, ku Botswana, oposa 70 n'kufa, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977 ndi TEBA, bungwe lolowa m'malo mwa Wenela, n'kudzatha mu 1988. Zimenezi lembani osaopa, kungoti musamasokoneze zaka. M'sewero lanu munthu wa 1960 ankatumiza makwacha, chonsecho kwacha inabwera mu 1971. Ife tinakulira mapaundi ndi masheleni. Mukanangofunsa!

Ine ndili mwana wasukulu ndinkawerengera amayi ena makalata ochokera kumigodi, poti iwo sankatha kuwerenga. Tsiku lina ndinafika pakati pa kalata, mawu n'kundithera. Mayiwo anangoti, "Pitiriza mwanawe, ndadziwa kale." Zimene zinali m'kalatamo sindinauzepo munthu, ndipo lero sindinena.

(Mnyamata wina: "Koma aphunzitsi, ngati zinachitikadi, tibisiranji?")

Wafunsa bwino mwana wanga, khala pansi. Sindikuti mubise kuti akazi ankavutika. Mayi ankadikira zaka zisanu, kalata osabwera, denga likudontha, munda akulima yekha, kuchimuna akumulondalonda. Wina akamuthandiza kufolera nyumba, mtima n'kutsetsereka, ndani pano angamuponye mwala? Zimenezo ndiye nkhani yeniyeni, ndipo wolemba waluso amatilowetsa mumtima mwa mayiyo mpaka timve kuzizira kwa mphasa yake. Kodi pamenepo dzina lenileni likuwonjezera chiyani? Mwana wobadwa nthawi imeneyo lero ndi bambo wa zidzukulu, mwina sakudziwa n'komwe. Akamve pabwalo la sukulu, anthu akuwomba m'manja? Gogo uja anasunga chinsinsi chake zaka makumi asanu kuti ana ake akule ndi mtendere, ndiye mwini wake woulula kapena kupita nacho kumanda ndi iyeyo. Inu ayi. Wamoyo musamuvule pagulu.

Ndikuona amayi mwayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Mukafuna kulemba, pitani kwa agogo, auzeni poyera kuti mukulemba, akakana zisiyeni. Akalola, sakanizani nkhani za anthu atatu kapena anayi kuti pasapezeke woloza chala. Sinthani dzina, mfunda ndi mudzi, zaka ndi ndalama zokha zikhale zoona. Musanaonetse, muwerengereni wamkulu mmodzi. Ndipo amene munajambula pafoni, fufutani lero lomwe, isafike pa WhatsApp. Ndabwereza kokwanira, wamoyo musamuvule.

Mawa m'mawa atsogoleri a gululi mundipeze kwa amfumu, tipitire limodzi kukapepesa kwa gogo uja.