Seva Sikuona Disiki Poyika Windows Kapena Linux? Yambani ndi RAID Controller

Moni nonse, takulandirani. Tili muno mu Blantyre, ndipo patebulo pano pali seva ya Dell PowerEdge ya kaunjika, yonga imene mungaipeze mu ofesi ku Limbe kapena ku Ginnery Corner. Vuto lake ndi ili: mwabaya flashi, mwayamba kuyika Windows Server kapena Ubuntu, mwafika posankha disiki, koma pamndandanda palibe ngakhale imodzi. Chonsecho madisiki anayi alimo, mukuwamva akuzungulira.

Musathamangire kunena kuti madisiki afa. Kawirikawiri amakhala abwinobwino.

[Kamera iyandikire mkati mwa seva]

Onani khadi iyi. Pa laputopu, disiki imalumikizidwa molunjika ku motherboard, koma pa seva zingwe zochokera ku madisiki zimathera pano, pa RAID controller, khadi imene imayang'anira madisiki ndi kuwaphatikiza kuti agwire ntchito ngati disiki imodzi, kumene kumatchedwa RAID. Dell amaitcha PERC, HPE amaitcha Smart Array. Khadiyi ili ngati wogulitsa m'golosale: inu mumaona zokhazo zimene iye waika pa shelefu, katundu wa m'chipinda chakumbuyo simumuona. Ngati simunapange virtual disk, ndiko kuti disiki imene khadi imapanga kuchokera ku madisiki enieniwo, khadiyi ilibe choonetsa, ndiye Windows ikuuzani kuti kulibe disiki.

Choncho yatsaninso seva. Pa Dell dinani F2, pitani pa Device Settings, sankhani controller. Pa makina akale mumadina Ctrl ndi R ikamayaka. Pa HPE ProLiant, F10 ikufikitsani pa Smart Storage Administrator. Tsopano werengani zimene zalembedwa pambali pa disiki iliyonse.

Ikalembedwa Ready, ili bwino, ikungodikira inu. Pangani virtual disk: RAID 1 ngati muli ndi madisiki awiri, RAID 5 imafuna atatu kapena kuposa, RAID 10 imafuna anayi. Mukabwerera pa flashi ija, disiki ionekera.

Ikalembedwa Foreign, imani kaye. Apa ndi pamene anthu amalira. Mawuwa akutanthauza kuti disikiyo ikadali ndi chizindikiro cha RAID ya kumene inachokera, kapena ya controller imene inalimo kale. Mupatsidwa zosankha ziwiri, Import ndi Clear. Import imabweza RAID yakale pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Clear imafufuta dongosolo lonselo, ndipo mafayilo simuwafikiranso mwachisawawa. Ngati sevayo ndi ya kasitomala, muimbireni foni, mufunse ngati muli zolemba za malipiro kapena za odwala, ndiponso ngati ali ndi backup. Ndikukupemphani, musadine Clear chifukwa choti mwatopa ndipo mukufuna kuweruka.

Kwa amene mukuyika Proxmox kapena TrueNAS ndi ZFS, pulogalamu imene imayang'anira madisiki yokha, inu RAID ya khadi simukuifuna. Sinthani controller ikhale pa HBA mode, monga PERC H730 imalolera, kuti disiki iliyonse ionekere payokha.

Nanga madisiki akapanda kuoneka ngakhale mu controller momwemo? Pamenepo ndi ntchito ya manja. Zimitsani seva, zulani chingwe cha magetsi, solorani disiki, ikankheninso mpaka chogwirira chitsekeke. Yang'anani zingwe za kumbuyo kwa malo a madisiki, chifukwa pa seva yoyenda ulendo wautali pa lole zimakhwefuka. Kanyali kobiriwira ndi kabwino, kophethira mwachikasu kakukuchenjezani. Dziwaninso kuti pa mitundu iwiri ya malumikizidwe a disiki, SATA ndi SAS, disiki ya SATA imagwira pa controller ya SAS, koma ya SAS sigwira pa SATA.

Tsopano tinene kuti virtual disk mwapanga, controller ikuti zonse zili bwino, koma poyika paja sikuonekabe. Apa ndiye driver, kapulogalamu kothandiza Windows kapena Linux kuzindikira khadiyo. Pa Windows, tengani driver wa controller yanu pa webusaiti ya Dell kapena HPE, mumasule zip pa flashi ina, kenako dinani Load driver. Pa Linux, dinani Ctrl, Alt ndi F2, lembani lspci muone ngati khadi ikudziwika, kenako lsblk muone madisiki, ndipo dmesg ikuuzani chimene chakanika. Red Hat Enterprise Linux 8, imene inatuluka mu 2019, inasiya kuzindikira makhadi ena akale, monga a chipu ya LSI SAS2008, ndipo makhadi oterewa ndi amene amabwera m'maseva a kaunjika. A ELRepo, malo a pa intaneti osungirako madriver a Linux, amapereka driver wake, ndipo mumamulowetsa polemba inst.dd flashi ikamayamba.

Maseva ena otsika mtengo alibe khadi yeniyeni. Ali ndi RAID yoyendera pulogalamu, monga S140 ya Dell kapena B140i ya HPE. Mukamayika Linux, ine ndimalangiza kusintha SATA mode mu BIOS (malo osinthira makonzedwe a seva ikamayaka) ikhale AHCI, RAID muipange ndi pulogalamu ya Linux yotchedwa mdadm. Madisiki a NVMe akabisala, yang'anani Intel VMD mu BIOS momwemo.

Disiki ikaoneka koma n'kumakana, mwina ndi zotsalira zakale. Pa Windows, Shift ndi F10, diskpart, list disk, select disk, clean. Pa Linux, wipefs. Werengani nambala ya disiki kawiri musanadine Enter, chifukwa clean ndi wipefs zimafufuta. Disiki ikaposa 2 TB, sankhani UEFI mu BIOS kuti seva igwiritse ntchito GPT, njira yatsopano yogawira disiki, poti njira yakale ya MBR imalekezera pomwepo.

Pali chimodzi chimene chimasokoneza ngakhale akatswiri. Madisiki a SAS ochotsedwa m'makina akuluakulu osungira deta nthawi zina amakhala ndi ma sector (tizigawo tosungiramo deta) a 520 bytes m'malo mwa 512, ndipo controller imawakana kapena kuwaonetsa ngati opanda malo. Pulogalamu ya sg_format pa Linux imawabweza ku 512 kudzera pa khadi ya HBA. Imafufuta zonse, imatha maola angapo pa disiki yaikulu, choncho lumikizani seva ku UPS, batire yosungira magetsi, kuti magetsi asakudulireni pakati.

Zikakanikabe, lembani pansipa mtundu wa seva ndi dzina la controller monga lspci yalembera, tiunikire limodzi.