Moto wa m'phanga ndi zojambula za ku Chongoni: mawu a pabwalo la mfumu

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse, anamkungwi athu, amayi ndi abambo. Anyamata inu kumbuyoko, sunthirani kuno. Musabisale kuseri kwa njinga, nkhani ya leroyi ndi yanu kwambiri.

Ambiri mwamva zimene tapeza sabata yathayi kuphanga la kumtunda kwa dambo. Amene simunakwereko ndikuuzeni. Pansi pa mwala pali mafuwa atatu, phulusa ndi zitsononkho za chimanga chootcha. Pamwamba, pamene panali chojambula choyera chija chokhala ngati buluzi wotambasula miyendo, pada bii ndi mwaye. Pambali pake munthu walemba ndi khala dzina lake, dzina la chibwenzi, ndi la timu yake ya mpira. Sinditchula munthu pano. Wadzitchula yekha pamwala, ndipo zilembo zake ndikuzidziwa, poti ndinamugwira dzanja ndine ku sitandade 1.

(Anthu akuseka)

Sekani, koma mawu anga ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: m'phanga musasonkhe moto, pamwala musalembepo, chojambula musachikhudze. Chikafufutika chapita. Palibe wa ku Lilongwe kapena wa kunja amene angachibwezerepo.

Ife timangoti miyala yolembalemba, chifukwa tabadwira pomwepa, timaidutsa popita kunkhuni. Koma m'mapiri athu ano a Chongoni akatswiri anawerenga malo 127 amene ali ndi zojambula, pa dera la masikweya kilomita oposa 126. M'chigawo chonse chapakati cha Africa mulibe pena pamene zinaunjikana chonchi. N'chifukwa chake mu 2006 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linalemba Chongoni m'kaundula wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi. M'Malawi muno malo otere ndi atatu okha: paki ya kunyanja ku Cape Maclear yomwe inalowa mu 1984, ife mu 2006, ndi phiri la Mulanje lomwe langolowa kumene mu 2025. Atatu basi, ndipo amodzi ndi pomwe mbuzi zanu zimausa.

Mukayang'anitsitsa muona kuti zojambulazo zili mitundu iwiri. Pali zofiira, mizeremizere, zozungulira, timadontho. Zimenezo si zathu Achewa. Ndi za Akafula, Abatwa aja, amene makolo athu anawapeza kuno akusaka nyama ndi kufula uchi. Agogo ankatiopseza nawo usiku, amati ukakumana naye akufunsa kuti "mwandionera pati?" ndipo uziyankha kuti "ndakuonerani patali uko", apo ayi wakwiya. Ife tinkayesa nthano. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 katswiri wina, Desmond Clark, anakumba pansi pa phanga la ku Chencherere n'kupeza zida za miyala ndi mafupa a anthu. Pambuyo pake mafupawo atayezedwa, zinadziwika kuti ena ndi a zaka pafupifupi 5,000. Ndiye inu anyamata okumba mbewa, khasu lanu likamalowa m'dothi la m'phanga, dziwani kuti mukusakaniza zinthu zimene zinagona mwadongosolo lake, chakale pansi, chatsopano pamwamba. Akatswiri amawerenga zaka potsata mmene zagonera. Mukangotembenuza, sangawerengenso kanthu. Mbewa zake ziwiri.

Ndiye pali zoyera. Izi ndiye zathu. Anajambula ndi dothi loyera, ndi chala, osati burashi. Zambiri anajambula ndi amayi, pa chinamwali, pophunzitsa atsikana mwambo. Sindipitirira pamenepo, anamkungwi akundiyang'ana kale, komanso pali ana pano. Zina, monga za ku Namzeze, ndi za kudambwe, zilombo za gule, akasiyamaliro. Apanso ndisiyira eni ake. Chimene ndinganene poyera n'choti mapiri ano anabisa makolo athu nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya ogwira akapolo, ndipo pamene amishoni ndi boma la atsamunda ankalimbana ndi gule, miyalayi inasunga zimene anthu sankatha kuonetsa pabwalo. Gule wamkulu yemweyo UNESCO inamulemekeza mu 2005. Chaka chilichonse mu Ogasiti timakwera malole kupita ku Mkaika, ku Zambia, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, tavala nsalu zofanana, tikuti ndife Achewa enieni. Tikabwerako n'kukaotcha chimanga pansi pa chojambula cha agogo athu aakazi. Amayi, zikugwirizana zimenezi?

Zoyerazi n'zimene sizichedwa kuonongeka, chifukwa dothilo linangomata pamwamba pa mwala. Utsi ukafika, mwaye umakanirira ndipo sutheka kuuchotsa popanda kuchotsa dothilo. Moto ukatentha mwala kenako kuzizira kwa kuno ku Dedza n'kubwera usiku, khungu la mwala limathetheka n'kugwa, chojambula chili pomwepo. Dzanja lili ndi thukuta ndi mafuta. Munthu mmodzi akakhudza sizioneka, koma kalasi yonse ikakhudza, chaka ndi chaka, pamatsala mwala wosalala. M'phanga musasonkhe moto. Pamwala musalembepo. Musakhudze.

Palinso china chimene mumachita ndi mtima wabwino. Mlendo akabwera ndi kamera, mwana amathamanga kukatunga madzi n'kuwaza pamwala kuti zojambula zioneke bwino, apatsidwe kangachepe. Zimawaladi kwa mphindi zochepa. Madziwo akamauma amakoka mchere wa m'mwala, pamayera mbuu, utoto n'kumasuluka. Ndipo ndamva kuti amayi ena a mpingo agwirizana zokakwecha mwaye uja ndi sopo ndi chiguduli Lachiwiri. Chonde amayi anga, Mulungu akudalitseni, koma musapiteko. Wosonkha moto uja waononga theka, inu mukamaliza theka linalo. Zimenezo zili ndi anthu ake ophunzira ntchitoyo, ndipo ngakhale iwo amayamba ayesa pakangodya kakang'ono.

(Mwamuna wina akuimirira: "Aphunzitsi, pepani ndikuduleni. Mwalankhula bwino. Koma ife tapindulapo chiyani? Azungu amabwera pa galimoto, ajambula, apita. Kuyambira 2006 mpaka lero ine sindinaonepo ngakhale 50 kwacha. Nkhuni akutiletsa, makala akutiletsa. Tizidya miyalayo?")

(Anthu akuomba m'manja)

Khalani pansi achimwene, mwafunsa bwino, ndipo m'manja mwamvekamo mukusonyeza kuti funsoli ndi la ambiri. Sindikunamizani kuti miyalayi itilemeretsa chaka chamawa. UNESCO sipereka malipiro kwa mudzi. Chimene imapereka ndi dzina. Munthu ali ku Germany kapena ku Japan amatsegula intaneti, n'kupeza Chongoni pa mndandanda umodzi ndi Great Zimbabwe ndi mathithi a Victoria. Dzinalo ndi limene limamukweza ndege. Akafika kuno, zotsalazo zili kwa boma ndi kwa ife.

Mbali ya boma ndi iyi. Pali lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zakale. Lamulo limenelo limaletsa kuononga, kukumba kapena kuchotsa chinthu pamalo otetezedwa popanda chilolezo, ndipo munthu atha kukaonekera kukhoti. Amene amayang'anira ndi nthambi yoona zinthu zakale, aja tinkawatcha a Antiquities. Nkhalango ya Chongoni ili m'manja mwa a zankhalango kuyambira 1924, ndipo lamulo lawo la 1997 analikhwimitsa mu 2020, makamaka pa makala. Pamwamba pa zonsezi pali masomphenya a Malawi 2063, momwe zokopa alendo anaziika pakati pa zinthu zotukula dziko, ndipo pa wailesi mwakhala mukumva nyimbo ya ulimi, zokopa alendo ndi migodi. Papepala zili bwino. Maganizo anga, ndipo ndinena a Gulupu ali pompano, ndi oti pepalalo lathamanga kusiya msewu m'mbuyo. Alendo ambiri obwera m'dziko muno amalunjika kunyanja ndi ku nyama, ku Liwonde, ku Majete. Amadutsa pa M1 pomwepa osadziwa kuti akhota pati. Nthawi ya dzinja galimoto yaing'ono siifika kumapiri. Zimenezo tili ndi ufulu wozifunsa, kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), kwa khansala, mpaka kukhonsolo. Tikafunse zikwangwani, tikafunse msewu, tikafunse kuti otsogolera alendo akhale ana a konkuno ophunzitsidwa bwino, ndiponso kuti pa ndalama imene mlendo amasiya, mudzi uzidziwa gawo lake.

Koma achimwene, tikapita kukafunsa zimenezo, iwo akabwera kudzaona n'kupeza dzina la timu ya mpira pamwala, tidzayankha chiyani? Amene akuotcha phanga akuotcha mlandu wathu womwe.

Tsikirani ku Mua mukaone. Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo lero kuli nyumba yosungiramo zigoba za gule ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Osema ziboliboli akumeneko aphunzitsa ana awo ndi ntchito imeneyo. Ku Dedza boma alendo amaima pa malo oumba mbiya ndi makapu aja, kumwa khofi, kugula. Onsewo akugulitsa chinthu chimene anachipanga ndi kuchisamala. Ife chathu anatipangira kale makolo, mlendo wafika kale pakhomo, koma akatsika kuphiri sapeza ngakhale mbatata yootcha yoti agule, sapeza dengu, sapeza munthu woti amufotokozere bwinobwino. Amapeza ana khumi akumuthamangira, "give me money". Ndiye adzabweranso? Adzauza mnzake?

Za nkhuni ndikumvetsa, nanenso kwanga amaphikira nkhuni. Koma mitengo imene ili pakhomo pa phanga ndi imene imatchinga dzuwa ndi mvula ya mphepo. Mukaidula, mvula imamenya pachojambula penipeni. Phiri lonseli, n'chifukwa chiyani nkhwangwa ikusankha mtengo wa pakhomo pa phanga? Ndi waufupi kunyamula, ndikudziwa. Yendaniko pang'ono.

Ndipo musaganize kuti dzina lija ndi la muyaya. Inu a timu ya Liverpool yolembedwa pamwala ija, mzinda wa Liverpool unali m'kaundula yemweyu. Mu 2021 anauchotsa, chifukwa cha zomangamanga zatsopano zimene zinasintha maonekedwe a doko lake lakale. Ngati anachotsa mzinda wa ku England, ife angatiope?

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, amayi akuganiza za ndiwo. Ndithamange.

Abusa a ng'ombe ndi mbuzi, mvula ikakupezani usani m'phanga, palibe akukuletsani, koma moto ayi, ndipo ziweto zisalowe, zimadzikhula pamwala. Makolo, muwauze ana madzulo ano, musadikire mawa. Osaka mbewa ndi otentha tchire, lambulani udzu kuzungulira phanga moto usanafike, ndipo m'kati musakumbe. Amene mumakwera kuphiri kukapemphera usiku, pempherani, Mulungu amamva popanda kandulo pamwala ndi vesi yolemba ndi penti. Mukatola mkanda wakale, phale kapena fupa, lisiyeni pomwepo, kauzeni mfumu. Munthu akabwera kuti akugula zinthu zakale kapena akufuna kuswa mwala wa kwale pafupi ndi phanga, ayambe waonetsa kalata kwa a Gulupu. Mlendo asakwere yekha, apite ndi womutsogolera, madzi osawaza, dzanja osakhudza pamwala. Aphunzitsi anzanga, mukapita ndi ana, choko chitsale kusukulu.

Za phanga lapsali, a Gulupu atumiza uthenga kwa a zinthu zakale kuti adzaone. Mpaka adzafike, wina asakhudzepo, ngakhale phulusa lisiyeni. Mnyamata uja ndi makolo ake aonana ndi mfumu paokha, si nkhani ya pabwalo.

Tikufuna anthu asanu ndi mmodzi, amayi atatu, abambo atatu, oti azizungulira mapanga athu kamodzi pa mwezi. Achimwene munafunsa funso aja, dzina lanu ndalemba kale poyamba.

(Kuseka)

Enanu mupereke maina kwa alembi musanabalalike. A Gulupu, ndabweza mawu kwa inu. Zikomo.