Nyamakazi ndi khansa ya m'mawere zikakumana m'thupi limodzi

Zikomo amfumu, zikomo amayi nonse. Agogo muli kumbuyoko, sunthirani kuno kumthunzi kuti tizimvana.

Thupi lili ndi asilikali ake, aja timati chitetezo. Koma alipo matenda oti asilikaliwo amasokonezeka n'kuyamba kumenya mwini nyumba. Nyamakazi ina ndi yotero. Zala za manja onse awiri zimatupa, m'mawa zimauma gwa, ola lathunthu osatha kufumbata, ngakhale kuthyola tiyi kumakanika. Ena ndi lupus, amene amagwira khungu, mfundo za mafupa, mpaka impso. Matendawa amakonda ife azimayi.

Tsono khansa ya m'mawere ikapeza mayi wachikulire wotere, chimene chimandiopsa ine kwambiri ndi kuzolowera ululu. Zaka 10 akumva kuphwanya, ndiye msana ukayamba kuwawa mwachilendo, kapena mwanabele akatuluka m'khwapa, amangoti, "Ndi nyamakazi yanga ija." Watuma mdzukulu kukagula Brufen kugolosale, basi. Pamene khansa imeneyi ikafalikira imakonda kupita kumafupa komweko. Chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, amayi. Musadikire kuti chiwawe.

Palinso nkhani ya mankhwala. Prednisolone ndi methotrexate, amene ena mwa inu mumamwa, ntchito yawo ndi kugoneka asilikali olusa aja. Mankhwala a khansa a m'diripi nawonso amachepetsa asilikali m'magazi. Zikaphatikizana, kachifuwa wamba kangathe kumugwetsa munthu. N'chifukwa chake wolandira diripi thupi likatentha, asagone nalo kunyumba. Achibale athamange naye kuchipatala usiku womwewo.

Mtima nawo. Nyamakazi yokhalitsa imaonjezera chiopsezo cha matenda a mtima, ndipo doxorubicin, mankhwala ofiira aja a khansa, angathe kuufooketsa. Dokotala akadziwa msanga amayamba waupima mtimawo, n'kusintha mankhwala kapena mlingo wake. Chithandizo chimatheka ndithu, ngakhale kwa agogo a zaka 70.

Choncho akakutumizani kuchokera pachipatala chathu cha Thyolo kupita ku Queens, ku Blantyre, tengani kabuku kanu kakuchipatala ndi mankhwala onse m'jumbo, ngakhale azitsamba omwe, mukawakhuthule patebulo pa dokotala. Koma prednisolone musamusiye nokha mwadzidzidzi, ndi zoopsa zimenezo.

Amayi avala chitenje chobiriwira apo, ndaona mwakweza mkono. Funsani.