Makina a Singer a agogo mulibe mekyule, chonde musawaphwanye!

[Pakhonde la nyumba ya malata, kunja kukuwaza mvula]

Moni nonse, mwaswera bwanji uko? Musadabwe ndi juzi yokhuthalayi, lero sindili ku Limbe ayi. Ndili kwa agogo kuno ku Thyolo, kupitirira Bvumbwe pang'ono, ndipo chiperoni chatipanikiza kuyambira Lachiwiri. Chandibweretsa ndi ichi.

[Akuvundukula chitenje]

Makina osokera a Singer, opukusa ndi dzanja. Sabata yatha kunabwera bambo wina kudzawagula, ndipo mtengo umene anatchula mukaumva mugwira pakamwa. Musachoke, nkhaniyo ikubwera.

Kwa amene mwangotipeza lero: masana ndimagwira ntchito ya mu ofesi, madzulo ndimasoka, ndimaluka tinsalu ta pamipando, Loweruka ndimaphika chigumu pa mbaula ngakhale magetsi alipo. Anzanga amanditchula gogo wa m'tauni, ndipo dzinalo ndinalilandira. Lero ndikupatsani malangizo asanu a katundu wakale ngati makinawa. Dinani subscribe ndi kabelu kaja, tiyambe.

Choyamba, yambirani kwanu. Musanathamangire kumsika, suzumirani kunsi kwa bedi la agogo. Mbale zachitsulo zamaluwa zija, simbi ya makala, wailesi ya Nzeru ngati muli ndi mwayi, zonse zili pompo. Koma pemphani, musangonyamula. Basi, tadutsa.

Chachiwiri, fufuzani zaka zake. Kamera yandikira. Mukuona nambala iyi patsinde, kudzanja lamanja? Singer aliyense ali ndi yake, ndipo mukailemba pa intaneti mupeza chaka chimene anapangidwa. Kampaniyi inayamba mu 1851 ku America, koma makina amene dzina la mtundu wake limathera ndi K, monga 15K kapena 99K, anachokera ku fakitale ya ku Clydebank, ku Scotland, yomwe inatsekedwa mu 1980. Choncho ngati anu ndi a kumeneko, zaka 40 anazipitirira kalekale. Komanso si makina akuda onse amene ali Singer. Ambiri amene matelala akugwiritsa ntchito m'makonde a masitolo ndi Butterfly, a ku China. Amasoka bwino, sindikuwanyoza.

Chachitatu. Apa ndiye ndikhale pansi bwinobwino, chifukwa nkhani iyi imandiwawa.

Bambo uja anafika atavala suti, foni ziwiri m'manja. Anawauza agogo kuti m'makinamu muli red mercury, mekyule wofiira, ndipo kuli azungu amene amamugula mamiliyoni. Koma kuti bwana wake abwere ndi ndalamazo, akuti agogo ayambe apereka kaye ya mayendedwe ndi ya “kuyeza”. Mwaiona mbava pamene yabisala? Munthu wobwera kudzagula, mapeto ake akupempha ndalama kwa wogulitsa!

Agogo anangomufunsa kuti, “Bambo, ngati muli chuma chotere, bwanji ine ndakalamba ndikusoka zigamba?” Sanabwerenso.

Tamverani anthuni. Mekyule wofiira amene amamunenayu kulibe. Mekyule weniweni alipo, ndi uja wonyezimira ngati siliva wa m'tizipangizo takale toyezera kutentha kwa thupi, ndipo ndi poizoni, si chuma. Bodza la wofiirali si la ku Malawi kokha. Mu 2009 linafalikira ku Saudi Arabia, anthu n'kumalimbirana makina akale a Singer pa mitengo yamisala, ena mpaka kuthyola mashopu a matelala. Kumeneko ankati ukayandikiza foni pa singano netiweki n'kuthawa, ndiye kuti mekyule alimo. Bambo wa sutiyu anachitanso zomwezo pakhonde pano. Abale, kuno ku Thyolo? M'zigwa za tiyi zino netiweki imathawa yokha ngakhale utaimirira pafupi ndi nkhuku!

Tiyeni tiyese limodzi.

[Akuika foni pa singano]

Timizere ta netiweki tiwiri. Ndikuichotsa. Timizere tiwiri. Ndikuibwezeranso. Tiwiri tomwe tija.

Ndiye taganizani izi. Fakitale ya ku Clydebank yokha inapanga makina pafupifupi 36 miliyoni kuyambira 1884 kufika 1943. Kampani yofuna phindu ingatenge chinthu chodula kuposa golide n'kumachibisa m'makina mamiliyoni onsewo, n'kumawagulitsa pa ngongole kwa amayi osoka madiresi? Kuti ipindulenji? Ndatembenuza, onani kunsi. Chitsulo, timipiringidzo, masikuluwu, ndi fumbi la ulusi la zaka zambiri. Maluwa agolide ali pamwambawa ndi zomata chabe, sangakugulireni ngakhale mulu wa tomato.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti ena akamva mphekeserayi amatenga hamala. Ndinawaonapo makina otere kwa wogula zitsulo zakutha, mutu wake utang'ambidwa pakati. Makina oti akanasokabe mayunifolomu a ana mudzi wonse, wina anawaswa kufuna madzi ofiira amene sanawapeze. Za simbi ya makala yokhala ndi tambala pamwamba amanenanso zomwezo, ndalama zakale zobowola pakati zomwezonso. Tambala ujatu ndi chotsekera chabe, kuti makala asakhuthukire pa malaya. Ngati kwanu kunabweranso anthu otere, lembani m'makomenti kuti ndi boma liti, ndikufuna ndione pamene bodzali lafika. Ndipo vidiyoyi atumizireni amalume anu aja, mukuwadziwa.

Ndapsa mtima mpaka tiyi wanga wazizira. Tinali pa chingati? Chachinayi.

Kutsuka. Mdani wa makina kuno ndi chinyezi. Thyolo ndi Mulanje tiyi amakondwa chifukwa cha mvula ndi nkhungu, koma chitsulo chimalira dzimbiri. Madzi ndi sopo ayi. Pukutani thupi lake ndi kansanza kofewa kodontheza mafuta a makina, pang'onopang'ono, osakhula pa maluwa aja chifukwa amafufutika. Zitsulo za kunsi zikauma, palafini pang'ono amamasula litsiro, kenako mupukute n'kuthira mafuta, dontho limodzi pa kabowo kalikonse. Mafuta ophikira musayerekeze. Ine ndinachitapo ndili wamng'ono, patapita miyezi anauma ngati ulimbo, gudumu osatembenuka, ndipo agogo mpaka lero amandikumbutsa pamaso pa alendo. Singano zake ndi wamba, za makina a pakhomo, mbali yophwatalala ija muione bwino kumene ikuyang'ana musanamange.

Tisanapitirire, epuloni ndavalayi ndasoka ndekha, ya matumba awiri akuluakulu. Zatsala zochepa, ndilembereni ku inbox. Tabwerera.

Chachisanu, musoke chiyani? Ine ndimakopera madiresi a agogo a m'sutikesi. Onse ndi aatali kupitirira mawondo, ndipo si kuti ankangokonda choncho. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'zipani zambiri. Ndiye ife tikamati fasho yakale, kwa iwo linali lamulo. Nditawafunsa ngati ankadandaula, anangoseka n'kundionetsa kolala iyi. Taonani timapinda take, tonse tofanana, anasoka pa makina omwewa ndi nyali ya koloboyi. Ine ndayesa katatu, imatuluka yopendekeka ngati khutu la galu.

Sutikesiyo ili m'bokosi la mkungudza, ukatsegula fungo lake limadzaza chipinda. Lakale ngati ili lisungeni. Koma wina akakutsatsani latsopano m'mbali mwa msewu, dziwani kuti mkungudza wa m'phiri la Mulanje watsala pang'ono kutheratu, ine sindigula.

[Mawu kuchokera m'nyumba: “Iwe, ukuyankhulabe ndi foni? Nsima ikuzizira!”]

Ndikubwera agogo! Anthuni, makinawa sindipita nawo ku Limbe, akana, akuti ndizibwera kudzasokera konkuno. Sabata yamawa tiyatsa simbi ya makala tione ngati ndingasite malaya oyera osawadetsa. Like ija musaiwale.